Checkers Sixty60: katundu amafika msanga, koma chenji chanu chimatsala kuti?

Amene mumakhala ku Johannesburg, Cape Town kapena Durban mukuzidziwa njinga zamoto zija zobereka bokosi lobiriwira kumbuyo, zimene zimandandalika panja pa sitolo za Checkers ngati akabaza pasiteji. Imeneyo ndiye Sixty60, ntchito yoperekera golosale pakhomo ya kampani ya Shoprite, mwini wake wa Checkers. Inayamba kumapeto kwa 2019 m'sitolo zowerengeka, ndipo mliri wa COVID-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020 inafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Dzinalo ndi lonjezo: kuoda m'masekondi 60, katundu kufika m'mphindi 60.

Za liwiro sitichulukitsa gaga. Ngati mukukhala pafupi ndi sitolo, ndipo si tsiku la mvula kapena la malipiro, katundu amafikadi mphika usanapse. Pamene pafunika kufatsa ndi pa ndalama: zimachoka liti mu akaunti yanu, zimapita kuti chinthu chikasowa pashelefu, ndipo mumalankhula ndi ndani nyama ikafika itasintha fungo. Kwa abale athu ambiri ku Joni, amene randi iliyonse ili kale ndi ntchito yake, ya lendi, ya thiransipoti, yotumiza kumudzi, apa ndi pamene pagona nkhani.

Kulembetsa ndi kosavuta. Mumatsitsa app, n'kulowetsa nambala ya foni, ndipo amakutumizirani nambala yachinsinsi pa SMS. Kenako mumaika adiresi, app n'kukuuzani ngati dera lanulo amafikako. Safika paliponse, chifukwa oda iliyonse imachokera m'sitolo imene ili pafupi nanu. Pa adiresipo musathamange. Dalaivala amatsata kadontho ka pamapu, osati mawu amene muli nawo m'mutu. Ngati mukuchita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba ya eni ake, kapena muli m'mafulati a geti limodzi, kokani kadonthoko mpaka kakhale pageti lenileni, ndipo m'malo olembamo malangizo lembani mtundu wa geti, nambala ya chitseko ndi ngati pali alonda ofuna kodi. Maoda ena ochedwa amachedwera mumsewu wanu womwewo, dalaivala akuzungulirazungulira, foni yanu ili pachaja m'chipinda china.

Tsopano kulipira. Sixty60 salandira kashi pakhomo. Dalaivala sanyamula chenji ndipo alibe makina opalira khadi la oda yanu. Zonse zimathera mu app katundu asananyamuke. Kwa munthu wozolowera kuti ndalama ipite katundu ali m'manja, kapena wozolowera Airtel Money ndi Mpamba kumudzi, ichi ndiye chipupa choyamba. Mufunika khadi la kubanki lololedwa kugulira pa intaneti. Amene amalandira malipiro pamanja ndipo alibe akaunti, ntchito imeneyi inawasiya kunja, ndipo tikuona kuti ndi chilema chenicheni pa kampani imene sitolo zake zina zimadalira anthu a kashi omwewo.

Khadi likakana, kawirikawiri vuto silikhala ku Checkers. Mabanki a ku South Africa amakulolani kutseka kapena kutsekula kugula kwa pa intaneti mu app yawo, ndipo pali malire a ndalama zimene mungagwiritse ntchito pa tsiku. Ngati mbali imeneyo ndi yotseka kapena malire ali pansi, oda imagwa ngakhale mu akaunti muli ndalama. Chachiwiri ndi chitsimikizo: mukadina kulipira, banki imakufunsani kuti muvomereze, mwina mu app yake, mwina ndi nambala ya pa SMS, ndipo imapereka nthawi yochepa. Netiweki ikagwa panthawiyo kapena bandulo ikatha, malipiro amafera panjira. Chachitatu n'chosavuta kuiwala: mwawerengera mtengo wa katundu wokha, osaphatikiza ya delivale ndi kangachepe ka dalaivala, ndiye mu akaunti mwaperewera R20.

Choopsa kwambiri pa nthawi ngati imeneyi ndi kudina mobwereza. App ikazizira, munthu amapsa mtima n'kudinanso kawiri katatu. Musanabwereze, tsegulani mndandanda wa maoda anu muone ngati oda yalowa, kenako tsegulani app ya banki. Mukapeza kuti ndalama zachoka koma oda kulibe, nthawi zambiri ndalamazo sizinafike kusitolo. Banki yangozigwira podikira, ndipo imazimasula yokha pakapita masiku angapo ogwira ntchito. Jambulani sikirini yosonyeza tsiku, nthawi ndi ndalamazo. Masiku amenewo ndi ochepa kwa amene ali nazo zambiri, koma kwa amene anali ndi R600 yokha ya chakudya cha sabata, ndi masiku ogona ndi tiyi. N'chifukwa chake tikunena kuti dinani kamodzi, dikirani, fufuzani.

Nayi mbali imene tikufuna mumvetse bwino. Ndalama zimachoka pa khadi pamene mukuoda, zonse. Koma katunduyo amakatoledwa pambuyo pake, pamashelefu omwewo amene anthu olowa m'sitolo akutolapo. Wantchito wa m'sitolo amayenda ndi foni yosonyeza oda yanu, n'kumatola chimodzichimodzi. Kompyuta ingasonyeze kuti mabotolo a mafuta alipo anayi, pomwe awiri ali kale m'matilole a anthu amene sanafike pa tilu, limodzi linasweka, lina linaikidwa pashelefu yolakwika. Ndiye chinthu chimene app inakugulitsani chingathe kusapezeka. Zimachuluka kumapeto kwa mwezi, masiku olandira ndalama za SASSA (thandizo la boma kwa okalamba, ana ndi olumala), ndi pa zinthu zimene zili pa sipesho, makamaka mafuta ophikira, mazira, shuga ndi nkhuku ya mufiriji.

Chinthu chikasowa, ndalama yake simabwerera yokha ku banki. Imalowa mu wallet, kachikwama ka mu app momwemo, ndipo imadzachotsedwa pa oda yanu yotsatira. Tiyerekeze, manambalawa ndi ongopereka chitsanzo: mwaoda ufa wa 10kg, mafuta a malita 2, nkhuku, thireyi ya mazira 30, tomato, anyezi ndi sopo, zonse R520. Mazira apezeka kuti atha, ndipo anali a R80. Katundu wina yense wafika, risiti ikusonyeza R440, ndipo R80 ili mu wallet. Pamapepala simunaberedwe kanthu. Koma mazira mukuwafunabe lero, ndipo R80 ija simungapite nayo ku spaza ya pakona. Kuti muigwiritse ntchito muyenera kuodanso, kufikitsa mlingo wotsikitsitsa wa oda umene ndi R100, ndi kulipiranso delivale. Chimodzimodzi ndi zinthu zoyeza pa sikelo monga nyama: app imatenga mtengo woyerekeza, paketi imene yatoledwa ikakhala yopepukirapo, chenjicho chimagweranso mu wallet.

Kwa banja limene limaoda sabata iliyonse, dongosolo limeneli ndi labwino kuposa kudikira banki, chifukwa ndalama imaoneka mu wallet mwamsanga ndipo Loweruka likudzalo yagwira ntchito. Kwa munthu woodako kamodzi pa miyezi iwiri, ndi ngongole imene wabwereketsa sitolo mosafuna. Sitikuona chifukwa chomveka choti kasitomala azichita kuvutikira ndalama ya chinthu chimene sanalandire. Kubweza ku khadi kunayenera kukhala chinthu chosankha pa nthawi yolipira pomwepo, poyera, aliyense n'kuona. Mmene zilili, mukafuna ndalama ibwerere ku khadi, pemphani nokha kudzera ku gawo lothandiza makasitomala, ndipo pemphani molemba. Safunsa anadya phula. Lamulo lili kumbali yanu: Electronic Communications and Transactions Act ya 2002, mu gawo 46, imati wogulitsa pa intaneti akalephera kupereka katundu chifukwa palibe, akudziwitseni msanga ndi kubweza ndalama zanu pasanathe masiku 30.

Njira yochepetsera zonsezi ili mu app momwemo, ndipo ambiri amaidumpha chifukwa chothamanga. Pa chinthu chimene mwaika mudengu mungathe kusankhiratu cholowa m'malo mwake chikasowa. Musasankhe mwachisawawa. Pa ufa, ngati White Star palibe, nenani nokha ngati mukufuna Iwisa kapena Ace, ndipo onetsetsani kukula kwa thumba, chifukwa 5kg ndi 12.5kg zimaoneka zofanana pa kachithunzi ka pafoni. Onaninso mtengo wa cholowa m'malocho, poti ndi umene udzawerengedwe pa risiti. Chimene munasankha poyamba chingakhale pa sipesho, chinzakecho ayi. Pa zinthu zimene simungasinthe, monga mkaka wa mwana wa msinkhu wakutiwakuti kapena chakudya cha munthu wa shuga, ndi bwino kusaika cholowa m'malo n'komwe kusiyana ndi kulandira chitini chimene simungachitsekule. Ndipo oda ikalowa, foni ikhale m'manja kwa mphindi khumi kapena makumi awiri zoyambirira, chifukwa ndi nthawi imene katundu wanu akutoledwa ndipo mauthenga a zosowa amabwera pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuwayamikira. Sixty60 ili ndi chitsimikizo chakuti oda ikachedwa kupitirira mphindi 30 pa nthawi imene analonjeza, kapena mukalandira zosakwana 80 peresenti ya zinthu zimene munasankha poyamba, ndalama ya delivale amakubwezerani. Ndi lonjezo lokhala ndi manambala, loti kasitomala angathe kuwerengera yekha: pa zinthu 10, zitatu zikasowa kapena kusinthidwa, mwagwera m'gulu lobwezeredwa. Koma nayonso imabwerera mu wallet.

Mitengo ya katundu mu app imafanana ndi ya m'sitolo, ndipo masipesho a Xtra Savings, khadi la Checkers lotsitsira mitengo, amagwira ntchito ngati mwalumikiza khadilo ku akaunti ya Sixty60. Khadi la Xtra Savings ndi laulere. Kuoda musanalilumikize ndi kutaya ndalama dala. Delivale inakhala pa R35 kwa zaka zingapo ndipo yakwerako pang'ono, koma masamu ake sanasinthe. Pa oda ya R100, R35 ndi ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mwagula. Pa oda ya R700 ndi 5 peresenti yokha, mwina yochepa kuposa ya takisi yopita ndi kubwera, osawerengera msana wonyamula ufa. Ndiye kuodera buledi ndi mkaka zokha ndi kuwononga. Sonkhanitsani zofunika za sabata, kapena gwirizanani ndi anzanu a pa yadi imodzi muode pamodzi. Kumbukirani kuti bokosi la njinga lili ndi malire, choncho app imaika malire pa kuchuluka kwa zinthu mu oda imodzi.

Mu 2023 anayambitsa Xtra Savings Plus, yolipira mwezi ndi mwezi, imene inayamba pa R99, ndipo imapereka delivale yaulere pa maoda a R350 kupita m'mwamba. Werengerani nokha: maoda atatu pa mwezi ndi pamene ndalama yanu imayamba kubwerera. Ngati mumaoda kamodzi kapena kawiri, musalowe. Ndipo dziwani kuti imadzidula yokha pa khadi mwezi uliwonse mpaka mutailetsa, kaya mwaoda kaya simunaode.

Tifike pageti. Munthu amene wakubweretserani katundu si amene anamutola pashelefu, si amene anaika mitengo, ndipo sangakubwezereni ndalama. Madalaivala amagwira ntchito kudzera ku Pingo, kampani yonyamula katundu imene Shoprite inayambitsa mogwirizana ndi kampani ina yonyamula katundu ya RTT kenako n'kuigula yonse mu 2024. Iye walandira matumba a pepala otsekatseka, wawaika m'bokosi, wathamanga nawo pakati pa matakisi. Kumukalipira chifukwa cha mazira osowa ndi kumenya mthenga, ndipo nthawi imene mukumuimika pageti ndi nthawi ya oda yake ina. Chimene mungachite ali pomwepo ndi kuona kuti dzina kapena nambala ya pamatumba ndi yanu, ndi kuyang'ana pansi pa thumba lililonse ngati panyowa. Matumba a pepala sagwirizana ndi nkhuku imene yayamba kusungunuka kapena botolo lodontha. Nyamulani chogwira pansi, osati m'makutu mwake. Kangachepe ka dalaivala mungathe kuika mu app. Sikokakamiza, koma tsiku la mvula ya ku Cape Town, munthu atakwera masitepe ndi ufa wa 10kg paphewa, R10 kapena R20 ndi ulemu woyenera.

Mukalowa m'nyumba, tsanulani katundu yense patebulo nthawi yomweyo, risiti ya mu app ili potsegula. Yambani ndi zozizira: gwirani paketi ya nyama muone ngati ikadali yozizira, onani tsiku lothera ntchito pa mkaka ndi yogati, tsegulani thireyi ya mazira muwatembenuze limodzilimodzi, chifukwa losweka limamatirira pansi pomwe pamwamba likuoneka labwino. Kenako werengani zotsala motsatira risiti. Chimene chalembedwa kuti chatoledwa koma mulibe m'thumba ndi nkhani yosiyana ndi chimene chinasowa kusitolo: choyambacho mwalipira ndipo kompyuta ikuganiza kuti mwalandira, ndiye palibe chimene chibwere chokha mukapanda kunena.

Dandaulo limayenda bwino likapita tsiku lomwelo, kudzera mu app pa oda yomweyo, lili ndi chithunzi. Jambulani chinthucho lebulo ikuoneka, tsiku lothera ntchito likuoneka, ndipo musataye paketi nkhani isanathe. Chifukwa chake n'chachidziwikire: nkhuku imene mwadandaula patatha ola limodzi ndi mlandu wa sitolo, koma imene mwadandaula patatha masiku atatu aliyense angafunse ngati firiji yanu sinazime ndi magetsi. Kulankhulana kwake ndi kwa m'Chingerezi, ndipo sipafunika Chingerezi chozama. Lembani zinthu zinayi zokha: nambala ya oda, dzina la chinthu, chimene chalakwika, ndi chimene mukufuna, kaya china chabwino kaya ndalama ku khadi. Uthenga wautali wodzaza mkwiyo umachedwetsa yankho chifukwa wowerenga amayamba wasakasaka mfundo. Mukaimba foni, pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku.

Pa madandaulo ang'onoang'ono, a chinthu chimodzi chosweka kapena chosowa, njira ya mu app imathandiza ndipo mapeto ake amakhala ndalama mu wallet. Pamene pamafunika kulimbikira ndi pa nkhani zodutsa pakati pa sitolo ndi banki, monga kudulidwa kawiri kapena kubweza ku khadi, chifukwa mbali ziwirizo zili ndi makompyuta osiyana ndipo aliyense amaona zake zokha. Apa tumizani sitetimenti ya banki yosonyeza mizere iwiriyo, mutabisa zina zosakhudzana nazo. Ngati ndalama zinadulidwadi kawiri ndipo sitolo sikuyankha, banki yanu ili ndi njira yotsutsira malipiro a pa khadi. Ili ndi malire a nthawi, ndiye musagonere.

Dziwani malire a ufulu wanu kuti musataye nthawi pa mlandu wosawina. Lamulo la 2002 lija limapereka masiku 7 oti wogula pa intaneti asinthe maganizo popanda chifukwa, koma limapatula zakudya, zakumwa ndi zinthu za tsiku ndi tsiku zoperekedwa kunyumba. Simungabweze tomato chifukwa mwapeza wotchipa pamsewu. Koma katundu woola, wosweka kapena wotha ntchito amagwera pansi pa Consumer Protection Act ya 2008, imene mu gawo 56 imapereka mphamvu kwa wogula, osati wogulitsa, kusankha ngati akufuna china kapena ndalama zake. Sitolo ikalephera kuthetsa nkhani m'masiku 15 ogwira ntchito, mungapite nayo kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, ndipo salipiritsa. Kumeneko adzafuna nambala ya dandaulo ija, zithunzi ndi makalata amene munalemberana.

Chenjezo limodzi lokhudza akuba. Mukalemba dandaulo poyera pa Facebook, pamabwera masamba onamizira kuti ndi a sitolo, n'kukupemphani nambala ya khadi kuti akubwezereni ndalama. Wobweza ndalama weniweni safuna PIN yanu, safuna manambala atatu a kuseri kwa khadi, ndipo safuna nambala yachinsinsi imene banki yakutumizirani. Nambala imeneyo ntchito yake ndi kutulutsa ndalama, osati kulowetsa. Dandaulo lizithera mu app kapena pa nambala ya foni yolembedwa mu app momwemo.

Opikisana nawo alipo, Pick n Pay asap! ndi Woolies Dash, ndipo nawonso ndi olipiriratu mu app. Ngati m'dera lanu amafika onse, yerekezani mtengo wa dengu lonse pamodzi ndi delivale, osati wa chinthu chimodzi chimene chili pa sipesho.

Sixty60 tikuivomereza kwa banja logula pafupipafupi, lokhala pa adiresi yopezeka, lokhala ndi khadi lodalirika, komanso kwa amayi a mwana wakhanda, odwala ndi ogwira ntchito mpaka usiku. Ndi yothandizanso mukafuna kugulira m'bale wanu ali mumzinda wina wa ku South Africa: mumangoika adiresi yake n'kulipira ndi khadi lanu, bola mumuuze nthawi yodikira pageti, ndipo mudziwe kuti chenji chilichonse chidzagwera mu wallet yanu osati m'manja mwake. Kwa amene ndalama ya chakudya ndi yowerengeka mpaka randi yomaliza, oda ya kumapeto kwa mwezi ndi yoyenera kuiganizira kawiri, chifukwa ndi nthawi imene zinthu zimasowa kwambiri ndipo ndi nthawi imene simungakwanitse kutsekeredwa R80.

Ndipo amene mukukonzekera ulendo wa kumudzi mu Disembala, kapena mukubwerera kwamuyaya, chitani zinthu zitatu sabata imodzi musanakwere basi. Tsegulani wallet muone zimene zatsalamo, muzigwiritse ntchito pa oda yomaliza kapena mupemphe zibwerere ku khadi, poti ku Malawi ndi ku Zambia ndalama ya mu wallet imeneyo simungagulire kanthu. Letsani Xtra Savings Plus ngati munalowa, isapitirire kudula miyezi imene kulibe. Kenako chotsani khadi lanu mu app, chifukwa SIM ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, nambala n'kupatsidwa munthu wina, ndipo ndi nambala imeneyo imene imalandira uthenga wolowera mu akaunti yanu.